Si njoka iliyonse imene imafa ndi albendazole

Anzanga a m'malabu, sabata yathayi yandisiya ndi mkwiyo umene sukutha. Inayamba monga masabata ena onse a dzinja kuno ku Lusaka: mzere wa oyezetsa malungo kufika pakhonde, makhololo a TB, magazi a amayi oyembekezera, magetsi kuthima centrifuge, makina ozunguza magazi ndi mkodzo, itangoyamba kuzungulira. Benchi ya chimbudzi ndi mkodzo, imene aliyense amaizemba, ndi yanga, ndipo sindichita nayo manyazi. Lolemba ndinaona mazira ambirimbiri a Ascaris, njoka yam'mimba yobulungira, mwa ana awiri a nyumba imodzi, abulauni, achikopa chokakala, oti ngakhale wophunzira wa chaka choyamba sangawaphonye. Lachiwiri kunabwera mnyamata amene anakachita holide kwa agogo ake ku Kafue, akukodza magazi kumapeto. Mkodzo wa m'mamawa munalibe kanthu. Ndinamuuza abwerenso pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko masana, ndipo mazira a likodzo anaoneka, minga yake ili kunsonga. Zimenezo n'zamasiku onse.

Lachitatu ndi limene landilembetsa. Kunabwera mayi wina wochokera ku Katete, m'chigawo cha Kum'mawa, amene amakhala mukomboni ina kuno ndipo amagulitsa vitumbuwa pa siteshoni ya mabasi. Atapereka kabotolo kathu ka chimbudzi, anatulutsanso kabotolo ka Vaseline kokulungidwa m'pepala la pulasitiki.

"Adokotala, muonenso ichi. Ndatopa nako kufotokoza kuti zimatuluka, palibe amene amafuna kuziona."

Munali tizidutswa toyera, tophwatalala ngati nthanga za dzungu, tina tolumikizana. Nditatsegula buku lawo lakuchipatala ndinapeza tsamba ndi tsamba mawu amodzimodzi: njoka zam'mimba, albendazole 400 mg kamodzi. Kwa miyezi yonseyo palibe amene anawatumiza ku labu. Piritsi limodzi limenelo limagwira ntchito pa Ascaris ndi hookworm (njoka yoyamwa magazi m'matumbo), koma tapeworm, njoka yophwatalala imene imatulutsa tizidutswa totere, siigonja nalo kawirikawiri. Mutu wake umatsala wokakamira m'matumbo, thupi n'kumeranso.

Pa slide mazira anali oonekeratu: ozungulira, achikopa chochindikala chamizeremizere, tingowe tisanu ndi kamodzi mkati. Taenia, mtundu wa tapeworm. Koma nonse mukudziwa kuti pamenepo ntchito sinathe, chifukwa dzira la Taenia saginata ya ng'ombe ndi la Taenia solium ya nkhumba n'zofanana ndendende pa maikulosikopu. Ndinawaitana mayi aja pakhomo.

"Amayi, zimenezi zimatuluka zokha n'kukwawira m'zovala, kapena mumaziona m'chimbudzi mokha?"

"M'chimbudzi mokha."

Tizidutswa ta ya ng'ombe timakonda kukwawa tokha, pamene ta ya nkhumba timangotsatira chimbudzi. Ndinafunsa za nyama ya nkhumba, ndipo anati akapita kumudzi ndiyo ndiwo, ngakhale kuno amagula yootcha m'mbali mwa msewu. Kenako anawonjezera, mongodandaula za nthawi: "Mundithandize msanga, adokotala. Mwana ndamusiya kwa aneba, ndipo chaka chino wayamba kugwa khunyu."

Mtima wanga unagunda. Munthu akadya nkhumba yosapsa bwino yokhala ndi timatuza toyera tija, amatenga njoka ya m'matumbo, imene imatha kutalika mamita awiri kapena kuposa koma osamuvutitsa kwenikweni. Choopsa ndi mazira amene iye amatulutsa. Wina akawameza kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'chakudya, timphutsi timaboola matumbo n'kukakhala m'minofu, m'maso ndi muubongo. Mwana safunika kulawa nkhumba kuti adwale, akungofunika kudya chakudya chogwiridwa ndi munthu amene ali ndi njokayo. Bungwe la WHO limati m'madera amene njokayi ili yofala, pafupifupi 30 peresenti ya odwala khunyu amayamba chifukwa cha iyo, ndipo chigawo cha Kum'mawa, kwathu konko, n'chodziwika nayo. Mayi ameneyu amaphikira ana ake tsiku ndi tsiku, komanso amagwira vitumbuwa vimene anthu ambirimbiri amadya asanakwere basi.

Kusiyanitsa njoka ziwirizi n'kosavuta, tinaphunzira tonse kukoleji: kubaya inki yakuda yotchedwa India ink m'kachidutswa, kukapanikiza pakati pa magalasi awiri, kuwerenga nthambi za chiberekero cha njokayo mbali imodzi. Zikakhala 7 mpaka 13 ndi ya nkhumba, zikafika 15 kupita m'tsogolo ndi ya ng'ombe. Ndinatsegula kabati, inki munalibe. Kusitolo anandiuza kuti anasiya kuitanitsa kuchokera pamene tinayamba kuyeza cryptococcus (fangasi yoyambitsa matenda oumitsa khosi) ndi CrAg, njira yosafuna inki, poganiza kuti inkiyo inali ya madzi a pamsana okha. Palibe amene anafunsa benchi ya chimbudzi.

Ndinayesa kupanikiza kachidutswako popanda inki n'kukayang'ana pa kuwala kwa pawindo, popeza magetsi anali atapitanso. Nthambi zinkaoneka mwa apo ndi apo, zosakwanira kuti ndisainire dzina langa. Ndinagwira ntchito yonseyo ndi magulovesi amene timapatsidwa mowerengera, ndikudziwa kuti kachidutswa kamodzi kali ndi mazira masauzande ambiri ndipo limodzi lokha likhoza kundifika pakamwa. Ndinaimbira mnzanga wa palabu ina, yemwe anali ndi kabotolo kotsala theka. Anakapereka kwa kondakitala wa minibasi, ndipo ndinakakalandira ndi ndalama yanga pa nthawi ya nkhomaliro. Inki italowa, chiberekero chinada bwinobwino. Nthambi 9 mbali imodzi, 10 mbali inayo. Ndinamuitana mnzanga wapabenchi ya magazi kuti awerenge payekha, ndipo anapeza zomwezo. Taenia solium.

Fomu sindinaiike m'bokosi la zotsatira. Ndinapita nayo ndekha kwa adokotala, chifukwa ndinkaopa kuti wina angoona mawu oti tapeworm n'kulemba praziquantel mothamanga. Mankhwala amenewo amalowa m'magazi, ndipo ngati munthu ali ndi timatuza muubongo akhoza kumuyambitsa kukomoka kapena mutu woopsa. Niclosamide, 2 g kwa wamkulu, ndiye wabwino pamenepa chifukwa amathera m'matumbo. Kufamase kunalibe, ndipo wa kumeneko anati sanauonepo chiyambire ntchito. Adokotala anachita zoyenera: anawafunsa mayi aja za mutu, za maso, za kukomoka, anawapapasa pakhungu kufuna timatuza, kenako anawapatsa praziquantel wa 10 mg pa kilogalamu, osati 40 mg imene timapereka pa likodzo, n'kuwauza abwere msanga akamva zachilendo. Mwana anamulembera kalata yokajambulitsa mutu kuchipatala chachikulu.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi nkhope ya mayi aja adokotala atafotokoza. Anangoti, "Ndiye kuti mwanayu ndamudwalitsa ndine?" Anali atapita naye kumapemphero ndi kwa asing'anga, achibale a bambo akunena kuti ndi zakumtundu kwa mayi. Ndinawauza kuti iwo anachita mbali yawo, anabwera kuchipatala mobwerezabwereza ndi umboni m'manja. Amene sanachite mbali yawo ndi ife.

Lachinayi anabweretsa chimbudzi cha ana ena awiri. Sindinapeze kanthu, koma ndi chiyani chimene ndinayeza? Formalin ndi ether zinatha kalekale, ndiye concentration, njira yosonkhanitsa mazira a m'chimbudzi pamodzi kuti aoneke, sitichita. Timadalira kadontho ka saline (madzi amchere) ndi chimbudzi chokwana mwina 2 mg, pamene Taenia satulutsa mazira tsiku lililonse. Ndikalemba kuti sindinaone mazira, wowerenga fomu amamva kuti mwana alibe njoka. Matempuleti a Kato-Katz, zida zoyezera mazira a njoka m'chimbudzi, timangowaona pakabwera kampeni ya m'masukulu, ikatha amapakira n'kupita nawo.

Ndinakalankhula ndi akuluakulu athu. Yankho linali lomwe lija: bajeti ndi yochepa, zofunika ndi malungo, TB ndi HIV, za njoka ingoperekani mapiritsi. Sindikutsutsa kuti matenda atatuwo ndi aakulu, ndimawayeza ndekha tsiku lililonse. Koma mtengo wa kabotolo ka inki sufika ngakhale pa katiriji imodzi ya GeneXpert, makina oyezera TB, ndipo kamatha chaka. Maganizo akuti njoka zonse n'zimodzi ndi amene achititsa kuti ana asukulu amene amabwera kudzaphunzira ntchito asadziwe kusiyanitsa mphutsi ya Strongyloides, njoka ina yam'mimba, ndi ya hookworm imene yaswa m'chimbudzi chogonera. Strongyloides imafuna ivermectin, ndipo munthu woti ali nayo akapatsidwa ma steroid, mankhwala amene amafooketsa chitetezo cha m'thupi, akhoza kufa nayo.

Lachisanu linadutsa ndi malungo ndi mikodzo, osaonanso china chachilendo kupatula Hymenolepis nana, tapeworm yaing'ono, mwa kamwana ka zaka zinayi. Ndalembanso fomu yoitanitsa inki, formalin, ether ndi magulovesi, ndipo ulendo uno ndaphatikizapo chithunzi cha kachidutswa kaja chimene ndinajambula ndi foni. Bambo a m'nyumba muja akukana kubweretsa chimbudzi, akuti iwo sadwala, pamene nkhumba amadyera limodzi. Mayi ndawauza adzabwere pakatha miyezi itatu kuti tione ngati njoka inatheratu, ndipo mwana akudikira tsiku lojambulitsa. Ngati pali wina mwa inu amene famase yake ili ndi niclosamide kuno ku Lusaka, andiuze, chifukwa bambo aja akadzavomera kuyezetsa ndikufuna mankhwalawo adzakhale alipo.