Kodi Gule Wamkulu Ankasowa Chikalata cha Ndani?

Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chimodzi mwa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo ambiri kuno ku Nkhotakota tinanyadira, ngakhale kuti guleyu anali atavinidwa zaka mazanamazana popanda chilolezo cha munthu wakunja. Chimene chimandiganizitsa n'chakuti tinanyadiranji, popeza kudambwe sikunasinthe kanthu.

Katswiri wa maganizo ozama wa ku Canada, Charles Taylor, analemba mu 1992 kuti munthu amadzidziwa malinga ndi mmene ena amamuonera, kotero kuti mtundu umene wanyozedwa nthawi yaitali umayamba kudziderera wokha. Makolo athu anali atanena kale kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Amishoni oyambirira atatcha nyau kuti ndi zachikunja, ana ambiri a Achewa anakula akuchita manyazi ndi mwambo wa agogo awo, ndipo ndikuganiza kuti bala limenelo ndi limene chilengezo cha UNESCO chinathirapo mankhwala.

Komabe ulemu wochokera kutali ndi wotsika mtengo, chifukwa woupereka sakhala nafe m'mudzi. Boma lino la Nkhotakota lili ndi Asilamu ambiri kuyambira nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili amene anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1800, lili ndi Akhristu, komanso lili ndi eni dambwe, ndipo onsewa amatunga madzi pa mjigo umodzi. Pamaliro a munthu wolowa gule, mayi wa Chisilamu amabwera atasenza lichero la ufa n'kukhala m'siwa usiku wonse, pamene mkulu wa mpingo akakumana ndi chilombo amapatuka panjira mwaulemu, mwina n'kuponya kandalama pansi. Anthu awiriwa sakhulupirira za mizimu ya kudambwe, koma mwana amene akuwaona amaphunzira kuti kwawo si kochititsa manyazi. Kwa ine, zimenezi n'zimene zimaumba munthu kuposa chikalata chosainidwa ku Paris.

Ife Achewa tilinso ndi ngongole pa nkhaniyi. Mu 1968 Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka mu 1994, ndipo kwa zaka zonsezo ana a Atonga a cha ku Dwangwa ankaphunzira m'kalasi chiyankhulo chathu, ife osavutikako n'komwe kuphunzira moni wa kwawo.