Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mawu amene ndinkadziuza pa till

Zikomo nonse amene mwakhala mukufunsa kuti nkhani ya ku shopu ija ya ku Limbe inatha bwanji. Inunso achimwene amene munalemba kuti ndikungodzikometsera mbiri, khalani pansi muwerenge kaye.

Paja tinalekeza pamene anandichotsa kolongedza katundu mmashelefu nkundiika pa till. Anzanga ankati ndakwezedwa koma ine mtima unali mmwamba, chifukwa mawu a aphunzitsi aja a sitandade 7 oti iwe masamu si ako ungokwatiwa basi anali asanachoke mmutu mwanga, ndipo ndinali nditayamba kuwanena ndekha. Mmawa uliwonse mu minibasi yochokera ku Bangwe ndinkadziuza kuti lero ndipanga shoti (ndalama za mu till ziperewera), lero andichotsa ntchito. Kasitomala akangopereka K5,000 manja ankanjenjemera, chenji ndinkachiwerenga mobwerezabwereza mzere nkumatalika, anthu nkumadandaula, ine nkumasokonezeka kwambiri. Madzulo pobalansa shoti inkapezekadi, nkudula pa salale. Mwezi wina ndinalandira ndalama yosakwana ndi renti yomwe, ndinakalira mchimbudzi cha kuntchito mpaka maso kutupa, kenako nkusukusula nkubwerera pa till kukamwetulira anthu ngati palibe chachitika. Kunyumba sindinauze aliyense, amayi akanangoti bwerera kumudzi.

Anandithandiza ndi mayi aja a ku Chilomoni amene ndinakuuzani kuti ankandigawira nsima pa lanchi. Tsiku lina anati "mwana wanga, masamu akuwerenga ndi makina, iwe vuto lako umadzitukwana. Mng'ono wako atalakwitsa ungamuyankhule choncho?" Anandiuza kuti ndizidziitana dzina chamumtima ngati ndikulangiza munthu wina, kuti landira ndalama, werenga, ika pambali, pereka chenji, wotsatira.

Apa mundimvetse, chifukwa ena muganiza kuti ndi zija zoima pa galasi nkumakuwa kuti ndine miliyoneya. Ayi ndithu. Mnzanga wina ankapanga zimenezo koma shoti inkamupezabe. Ine mutu unangotanganidwa ndi ndalama ili mmanja, mpata woganiza za kuchotsedwa ntchito unasowa.

Mayeso enieni anabwera mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44%. Mitengo inkasintha mosayembekezera, pa shelefu pali mtengo wina pa makina wina, makasitomala nkumakalipira ifeyo ngati ndife tagwetsa kwacha. Bambo wina anandiponyera paketi ya shuga pachifuwa anthu onse akuona, misozi inafika mmaso koma ndinadziuza kuti akukalipira mtengo, si iwe, itana wotsatira. Mwezi umenewo sanandidule olo kwacha imodzi.

Chaka chotsatira anandipatsa makiyi a sefa. Amalume aja ankati shopu ndikaigwetsa atangomva zimenezi anabwera kudzabwereka ndalama, koma imeneyo ndi ya gawo 10.