Ndege za magetsi ndi za hydrogen zikadali patali

Mu 2020 kampani ya Airbus inalengeza kuti pofika 2035 idzakhala itatulutsa ndege yonyamula anthu yoyendera hydrogen (mpweya wopepuka umene umatha kugwira ntchito m'malo mwa mafuta), koma kumayambiriro kwa 2025 inavomereza kuti chaka chimenecho sichitheka. Ineyo sindinadabwe, chifukwa hydrogen wamadzi amafunika kusungidwa mozizira kufika -253°C, ndipo amafuna thanki yaikulu pafupifupi kanayi kuposa ya mafuta a ndege kuti apereke mphamvu yofanana. Komanso hydrogen wambiri wa masiku ano amapangidwa kuchokera ku gasi, zomwe zimatulutsa mpweya woipa wosokoneza nyengo, womwewo umene tikuuthawa posiya mafuta a ndege.

Ndege za mabatire nazo zili ndi vuto la kulemera. Kilogalamu imodzi ya mafuta a ndege imasunga mphamvu yochuluka kuwirikiza makumi angapo kuposa kilogalamu ya batire, ndipo pamene mafuta amachepa paulendo n'kupeputsa ndege, batire yotha moto imalemera chimodzimodzi ndi yodzaza. N'chifukwa chake ndege ya mabatire yotchedwa Velis Electro ya ku Slovenia, yomwe inalandira chilolezo ku Ulaya mu 2020, imanyamula anthu awiri okha ndipo imakhala mumlengalenga osakwana ola limodzi.

Chomwe chikundipatsa chiyembekezo ndi maulendo aafupi. Mu Januwale 2023, kampani ya ZeroAvia inaulutsa ku Britain ndege ya mipando 19 ya Dornier 228, injini yake imodzi ikuyendera hydrogen. Ulendowo unali wa mphindi pafupifupi 10 zokha, koma ndege za kukula kumeneku ndi zimene ndikuona kuti zidzayamba kusintha.