Kapepala ka ORS komwe kanakhoza mayeso pa kompyuta

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: sikelo, katemera, kaundula, njinga kuphulika tayala pakati pa minda ya tiyi. Chomwe chandisowetsa tulo ndi cha Lachitatu.

Agogo ena anafika pa kiliniki yathu ya m'mudzi kuno ku Mulanje atabereka mdzukulu wotsekula m'mimba, maso atalowa m'kati, liwombo litagwa.

"Agogo, ORS uja munam'patsa?"

"Ndinam'patsa adokotala, monga mwalembedwera umu."

Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kapepala ka malangizo a ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, komwe ndinagawa ndekha mwezi watha. Agogowa anaphunzira sukulu ya kwacha, kuwerenga amatha. Anawerenga chala chikutsata mzere: "Sungunulani zam'paketi mu muyeso woyenera wa madzi otetezedwa malingana ndi ndondomeko." Liwu lililonse analitchula bwinobwino. Nanga muyeso woyenerawo ndi uti? Iwo anathira paketi yonse m'kapu ya tiyi. Paketi ya lita yathunthu! Mwana anamwa mchere wokhawokha n'kumasanza. Ndinawatumiza kuchipatala ola lomwelo, ndipo ndamva kuti mwanayo wayamba kuyamwa.

Lachinayi pamsonkhano ndinaikamba nkhaniyi pamaso pa mkulu wina wa bungwe lomwe linasindikiza timapepalati. Yankho lake linandiwawa kwambiri: ati kapepalako kanayesedwa ndipo kanakhoza bwino pa Flesch.

Muyeso umenewu ndimaudziwa. Anaukonza Rudolf Flesch ku America mu 1948, ndipo umapezeka mu Microsoft Word. Umawerengera zinthu ziwiri basi: kuchuluka kwa mawu m'chiganizo ndi kuchuluka kwa maphatikizo m'liwu, n'kupereka mapointi, kawirikawiri pakati pa 0 ndi 100. Anaupangira Chingerezi. Nditafunsitsa, zinadziwika kuti chomwe anayesa ndi Chingerezi chija, Chichewa anangomasulira pambuyo. Ngakhale akanayesa Chichewacho sizikanathandiza. Liwu loti "sindinamuone" lili ndi maphatikizo 6, kompyuta ingati ndi lovuta, chonsecho mwana wa ku mkaka amalinena. Pomwe "muyeso" ndi lalifupi, koma ndi lomwelo linatsala pang'ono kutipititsa kumanda.

Lachisanu ndinaitana amayi asanu ndi mmodzi pansi pa mtengo wa mango, ndi ndowa ya madzi owiritsa, makapu ndi mabotolo. Aliyense awerenge, kenako asungunule ine ndikuona, osamuuza kanthu. Mmodzi yekha ndiye anafunsa kuti madziwo akhale ochuluka bwanji. Nditalemba kuti "Thirani paketi yonse m'madzi owiritsa ozizira odzaza mabotolo awiri a 500ml", onse anachita molondola.

Ndauzidwa kuti ndalama zosindikiziranso palibe, katoni yotsalayo tiigawe ithe. Ndiye Loweruka lonse ndakhala pakhonde kufufuta mzere ujawu ndi bolopeni, kulemba wanga pamwamba pake, kapepala kamodzikamodzi. Ndafika theka la katoni, bolopeni yachiwiri yatha inki.