Tsiku limene ndinakola dziko la Tanzania ndi mbedza

Popeza mlamu wanga waponya kale vidiyo ija pa gulu la WhatsApp, lekani ndifotokoze ndekha. Vidiyoyo ndi yodula. Ikuyambira pomwe ndili kale m'madzi, ntchito yonse imene ndinagwira poyamba sikuoneka.

Ku Dar es Salaam ndinapitira galimoto, osati nsomba. Sitima yochokera ku Japan inachedwa, ine n'kumangodya tchipisi ta mazira kwa alamu ku Kigamboni, mpaka tsiku lina akuti tiyeni tikawedze. Sindinazengereze, chifukwa madzi ine ndimawadziwa. Ndawedzapo pa Kafue, ndipo ku Siavonga ndinakwerapo bwato la kapenta. Linali lomangirira pagombe, koma kukwera ndinakwera.

Chimene anandipatsa amati kayak: kabwato ka pulasitiki, katali, kowonda, munthu amakhala pamwamba pake, ndipo pansi pali mabowo. Mabowo enieni, oboola dala kufakitale. Mwini wake akuti ndi otulutsira madzi a mafunde. Ndinamuuza kuti kwathu ku Chipata bowo silisankha madzi olowa ndi otuluka, koma Chinyanja samamva. Anangondiveka jekete yoyandamitsa, n'kumangirira nkhafi ku kabwatoko ndi kachingwe kopotanapotana. Kachingwe kameneka musakaiwale.

Tinanyamuka m'bandakucha, mphepo isanadzuke. Kuzungulira zilumba za Sinda saloleza kuwedza, ndi malo otetezedwa, ndiye tinazilambalala mpaka nyumba za kumtunda zinachepa. Kumeneko pansi pali matanthwe a makorali, amene alamu akuti amamangidwa ndi tizilombo tamoyo, ndipo nsomba zimaunjikana pomwepo: changu, kolekole, ndi nguru zongodutsa m'mbali. Koma nyanja ija siikhazikika. Ngakhale popanda mphepo imakukweza, imakutsitsa, imakukwezanso. Mandazi a m'mawa ndinawabweza onse. Alamu akuti musadandaule, imeneyonso ndi nyambo.

Kenako ndodo inapindika. Anthu inu, inapindika mpaka nsonga kunyambita madzi.

“Alamu! Yagwira!”

Ndinaponda mwamphamvu, n'kuyamba kukoka. Ine ndikakoka, iyo ikoka. Ndikapeza chingwe pang'ono, yalanda. Thukuta kamukamu, mikono kunjenjemera, koma mumtima ndinali nditayamba kale kugawa. Mutu ndi wa apongozi ku Kalingalinga. Mchira wa abusa. Pakati ponona ndikagulitsa ku Soweto Market, ndipo mtengo ndinaukweza kawiri ndili pomwepo, poona mmene ikulemerera. Ndinaganiziranso za pa Nakonde, kuti akandifunsa mapepala a nsomba yotere ndidzayankha chiyani, komanso ngati ikwane m'galimoto imene ndinali ndisanaionebe ndi maso. Ndinayamba kuilankhula mwaulemu: “Agogo, tulukani, ku Lusaka kuli anthu akufuna kukuonani.” Dzuwa linasuntha. Mbalame zinabwera, zinaonerera, zinatopa, zinapita.

Alamu anapalasa kufika pafupi, anasuzumira m'madzi, poti ndi oyera mbee mpaka pansi, ndiye akuti: “Alamu, mwakola Tanzania.”

Akuti mbedza inakodwa pa thanthwe, ndipo chimene chinkakoka ndi mafunde ondikweza ndi kunditsitsa. Awo ndi maganizo awo. Funsani msodzi aliyense wa kumeneko, akuuzani kuti pali nsomba zikuluzikulu za m'mapanga zimene zikameza nyambo zimathawira kuuna, n'kutambasula makha kuti zisatuluke. Alamu anaona thanthwe, inde. M'kati mwa thanthwemo analowamo?

Ndiye ndinakoka komaliza ndi mphamvu za nsima yonse ya moyo wanga. Makorali ndi akuthwa. Chingwe chinangoti thu, ine chagada, miyendo kumwamba, khuvu!

Amati m'lita imodzi ya madzi a m'nyanja muli magalamu 35 a mchere. Umene ndinameza ine ukanakwana ndiwo za ukwati wonse. Ndikuti ndivuuke, chinthu chinandigwira mwendo. Chinazenga pa akakolo, n'kukoka. Ndikaponda, chikoka. Mutu wanga unanena mawu amodzi okha: shaki.

Apa ndi pamene mukumva ndikukuwa kuti, “Ambuye, mukandichotsa muno ndibweza K800 ya chilimba! Ndibweza jeke ya aneba! Mbuzi ija sinafe yokha!” Zinazo sizikumveka bwino chifukwa alamu ankaseka mpaka foni kugwedezeka, ndipo ndikuthokoza Mulungu pa chimenecho. Munthu wokwatira mlongo wako weniweni, iwe ukudyedwa, iye akusintha mbali kuti dzuwa lisawononge chithunzi.

Kanali kachingwe ka nkhafi kaja.

Kukweranso pa kayak uli pakati pa nyanja ndi nkhani ina. Umayenera kugona chamimba mopingasa, kenako n'kutembenuka pang'onopang'ono. Ine ndinangothera pa kugona chamimbapo, ndipo alamu anandikoka mpaka kumtunda ndili chopingasa ngati thumba la makala pa njinga yochokera ku Chongwe. Nsomba imene munaiona pa chithunzi cha madzulo aja tinagula ku msika wa Kivukoni, koma anainyamula ndine.

Tsono inu ambuya anga Achibemba amene mukuti munthu wa mbewa ankafuna chiyani pa madzi opanda tsidya, inu pitani kaye, tidzakambirane. Ndipo amayi a chilimba amene mwayamba kundiimbira usiku, mvetsetsani bwino mawu aja. Pangano linali pakati pa ine ndi Ambuye, ndipo linali la shaki. Shaki panalibe. Za mbuzi sindiyankha pa gulu. Jeke yokha ndibweza Loweruka, ikapezeka.