Chisakasa cha ana chaimanso, zikomo nonse

Makolo, alezi ndi abwenzi nonse a sukulu yathu ya mkombaphala ya m'nkhalango, ntchito ija yatha. M'manja mudakali matuza, misana sikuwongoka, koma tati tilembe lero lomwe tisanagone. Za chimphepo chija, nthambi yomwe inathyoka n'kugwera chisakasa cha ana, ndi momwe tinachipezera chitagwada pansi, nonse mukuzidziwa, sitibwerezanso. Mulungu alemekezeke kuti zinachitika usiku, ana ali mtulo kwa makolo awo.

Oyamba kuwathokoza ndi agogo athu amisiri a matabwa. Atiletsa kutchula dzina, ndiye tingoti Agogo, monga amawaitanira ana. Mdzukulu wawo anachoka kale pano, ali ku pulayimale, palibe chomwe chinkawakakamiza. Iwo ndi amene anakana kuti nsanamira zakale ziimikidwenso n'kungokhomapo malata. Anatenga sikuludiraiva n'kumabaya nsanamira iliyonse pomwe imakumana ndi nthaka, ndipo inkangolowa yokha. Kumtunda mtengo unali wolimba ndithu, koma kuphazi unali utafumbwa kale. Nthambi ija inangomalizitsa. Chifukwa chake n'chakuti nsanamirazo zinamizidwa mu konkire mpaka kunsi komwe. Mtengo ukamauma umachepa, pakati pa mtengo ndi konkire pamatsala kampata, madzi a mvula amalowamo n'kusowa kotulukira. Pamene chinyezi ndi mpweya zikumana, ndiye kuti pamwamba penipeni pa nthaka, m'pomwe kuwola ndi chiswe zimayambira. M'nkhalango momwe dzuwa silifika pansi, zimafulumira kuposa pamtetete.

Zatsopanozi sizikhudza dothi. Dzenje lililonse ndi lakuya masentimita 60, pansi pathiridwa miyala ing'onoing'ono, kenako konkire, ndipo mu konkiremo mwazikidwa chitsulo chopindika ngati chilembo cha U. Nsanamira yakhala m'chitsulocho itakwezeka masentimita 5 ndipo yamangidwa ndi mabawuti awiri. Pamwamba pa konkire Agogo anapasalaza motsetsereka kuti madzi azithawira kunja. Komano nsanamira yoima chonchi imatha kupendama, choncho pangodya iliyonse pakhomedwa mitengo yopingasa yochirikiza nsanamira ndi mtanda. Achinyamata ena ankafuna kuilumpha poti dzuwa linali litapendeka, Agogo anangokhala pa chipika n'kunena kuti sachoka mpaka zonse zitakhomedwa. Chisakasa chopanda makoma mphepo imachilowa kunsi n'kuchinyamula denga, ndiye phaso lililonse lamangiriridwa ku mtanda ndi kachitsulo, osati misomali yokha. Misomali ya malata yakhomedwa pa msana wa lata, osati m'khwawa momwe mumayenda madzi, iliyonse ili ndi kalabala kake. Agogo, Mulungu akuwonjezereni masiku.

Bambo amene munakwera m'mitengo, zikomo. Munatiphunzitsa kuti musanamange chilichonse m'nkhalango muziyamba mwayang'ana kumwamba: nthambi zouma zongolenjekeka, mphako, bowa womera pa thunthu, ming'alu pamene nthambi ziwiri zagawikana mothinana, ndi dothi lotukumuka mbali imodzi ya mtengo wopendama. Bulugamu amatha kugwetsa nthambi yaiwisi ngakhale kunja kuli bata, n'chifukwa chake chisakasa chasunthidwa kuchoka pansi pake. Kumunsi nakonso kuli lamulo lake. Mizu yambiri ya mtengo imakhala m'masentimita 60 oyambirira a nthaka, ndipo muyezo wa ku Britain wotchedwa BS 5837 umati malo oteteza mizu afike kutali maulendo 12 a kunenepa kwa thunthu, kuyeza m'mimba mwake. Mtengo wonenepa masentimita 50 ndiye kuti mamita 6 kuchokera pa thunthu mbali zonse. Maenje omwe anagwera m'dera limeneli anakumbidwa ndi manja, ndipo muzu wopitirira masentimita 2.5 sunadulidwe, dzenje ndi lomwe linkasuntha. Timapazi ta ana n'tating'ono koma tikamaponda pamodzimodzi tsiku ndi tsiku dothi limagogomezeka, mpweya ndi madzi sizilowa, mtengo umayamba kuuma kunsonga patapita zaka. Choncho bwalo la masewera lagawidwa pawiri, kwina kuzipuma pamene kwina kukugwira ntchito. Mukaona chingwe chatchinga mbali ina, musachimasule.

Amayi amene munagwira makasu ndi mafosholo pa ngalande, ntchito yanu siioneka pa chithunzi chilichonse poti yakwiririka. Ngalandeyo yadutsa kumtunda kwa chisakasa kuti igwire madzi asanafike pomwe ana amakhala. M'lifupi ndi masentimita 30, ndipo imatsika sentimita imodzi pa mita iliyonse. Pansi payalidwa nsalu yosefa, paipi yobowolabowola yagonekedwa mabowo atayang'ana pansi, kenako miyala, nsalu ija n'kuipindira pamwamba. Popanda nsaluyo matope amadzaza mipata ya miyala ndipo ngalande imafa msanga. Apanso Agogo anali pomwepo ndi chingwe ndi levulo yawo, kubweza aliyense wokumba mongoyerekeza ndi maso. Ngalande yokhala ndi kachigwa pakati imasunga madzi m'malo mowachotsa, kenako udzudzu. Matope osewerera sitinawathetse ayi, ali ndi ngodya yawoyawo. Makolo odandaula za zovala, walira mvula walira matope.

Mayi injiniya amene munabweretsa miyezo ya malo osewerera ana ya ku Ulaya, EN 1176 ija, tinkakuonani ngati ovuta, lero tikuthokoza. Mpata uliwonse wa pakati pa masentimita 8.9 ndi 23 pa chokwera ndi msampha, chifukwa thupi la mwana limadutsa koma mutu n'kukanirira. Timabowo ta pakati pa mamilimita 8 ndi 25 timagwira chala. Agogo anasema timatabwa ta miyezo imeneyi n'kumayesa mpata uliwonse, ndipo mpanda wa pa kansanja kokwerapo ana unagumulidwa n'kukhomedwanso. Pamene mwana angagwe kuchokera pamwamba popitirira masentimita 60 pafunika pofewa, ndiye pansi pa kansanja ndi pa katungwe pathiridwa tizibenthu ta mitengo tokwana masentimita 30 kuya, kufika mita imodzi ndi theka kuzungulira. Timeneti timamwazika ndi mapazi, makamaka pansi pa katungwe, choncho alezi azitikokera pakati m'mawa uliwonse. Katungwe wamangidwa pa nthambi yamoyo ndi lamba wotambalala, chifukwa chingwe chopyapyala chimadya khungwa mpaka nthambi kufa. M'mitengo simunakhomedwe msomali ngakhale umodzi.

Ena munatipatsa matabwa akale ndi mitengo ya njanji, ndipo mwina munakhumudwa kuona zitabwezedwa. Mtima wanu tauona. Vuto ndi mankhwala. Mitengo yakuda yonunkha phula ija inanyikidwa mu creosote, amene amawotcha khungu. Matabwa akale obiriwirako nthawi zambiri amakhala a CCA, momwe muli poizoni wa arsenic, ndipo ku America anasiya kuwagwiritsa ntchito pa zosewerera ana kumapeto kwa 2003. Mwana amagwira, kenako chala m'kamwa. Kuwasonkhera moto ndiye koopsa kwambiri, poizoniyo amatsalira mu utsi ndi m'phulusa.

Pa moto pakonzedwanso. Dothi lamasamba linapalidwa mpaka kufika pa nthaka yeniyeni n'kuthirapo mchenga, poti moto umatha kuyenda pansi m'mizu ndi m'zowola osaoneka. Miyala yozungulira si ya mumtsinje, yonyowa m'kati imaphulika ikatentha. Zipika zokhalapo zili mamita 2 kuchokera pa moto ndipo zakhomereredwa ndi zikhomo kuti zisagubuduke. Ana amazungulira kumbuyo kwa zipika, sadutsa pakati.

Anyamata a chimbudzi, inu ndiye munatopa koposa. Chakumbidwa kumunsi, mamita opitirira 30 kuchokera pa madzi, ndipo pansi pa dzenje pali pamwamba ndithu pa pomwe madzi apansi amafika. Chili m'mphepete mwa nkhalango dala, chifukwa paipi yotulutsa fungo imakoka ndi mphepo yodutsa pamwamba pake, ndipo pansi pa mitengo yowirira mphepoyo kulibe. Paipi yapitirira denga ndi masentimita 50, kunsonga kuli sefa yogwira ntchentche. Chimbudzi cha mtundu umenewu sichivundikiridwa pabowo, mukavundikira mwatseka njira ya mpweya. Chimafunanso mdima pang'ono kuti ntchentche zizithamangira kuwala kwa mu paipi, koma mwana wa zaka zitatu mumdima salowa, amakathandizidwira kuseri. Agogo anathetsa mkanganowo ndi kampata ka sefa pamwamba pa chitseko, komanso loko yoti mlezi atha kutsegula ali kunja. Bowo ndi laling'ono, la msinkhu wa ana. Pakhomo pali mipondagiya iwiri, umodzi wofupikirapo wa timakanda.

Madzi osamba m'manja achokera pa denga. Dengalo ndi mamita 6 kwa 4, ndipo milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, ndiye mvula ya mamilimita 20 ikutipatsa pafupifupi malita 480. Denga la m'nkhalango limadzaza masamba ndi zitosi za mbalame, choncho madzi oyamba amagwera kaye mu paipi yoimirira yotsekedwa kunsi, ikadzaza m'pamene oyera amapita mu thanki. Paipiyo izikhuthulidwa mvula ikangokata. Madzi amenewa si akumwa. Thanki ya malita 1,000 ikadzaza imalemera tani imodzi, n'chifukwa chake yakhala pa konkire osati pa nsanja ya matabwa, ndipo chivundikiro chake chili ndi loko. Mwana amamira ngakhale m'madzi ofika m'kakolo, ndiye ndowa iliyonse izikhala yovundikira kapena yozondotsa.

Amene munkalemba pa gulu la WhatsApp kuti muli nafe pamodzi, kenako n'kudzatulukira tsiku lojambulitsa zithunzi nsapato zili mbee, takuonani, ndipo zithunzizo zatuluka bwino. Amenenso munkati tingosiya za m'tchirezi timange kalasi ya njerwa ngati anthu, sitikukwiyirani. Ku Denmark ana akhala akuphunzira m'nkhalango kuyambira m'ma 1950, ndipo ku Germany boma linavomereza sukulu yoyamba yotere ku Flensburg mu 1993. Chomwe chinagwa pano ndi nsanamira zowola, ndipo zakonzedwa.

Ambuye, dalitsani manja onse amene anagwira khasu, macheka ndi hamala. Tetezani ana athu pansi pa mitengo imeneyi. Agogo athu muwachiritse bondo lija, pakuti analigwadira pa miyala chifukwa cha ana a eni. Ameni.

Agogo atisiyira ndandanda yolembedwa ndi pensulo pa chidutswa cha thabwa, yakhomedwa m'chisakasa: mabawuti amangidwenso mitengo ikauma, masamba achotsedwe m'ngalande ya denga mvula isanayambe, kuphazi kwa nsanamira kuzibayidwa chaka chilichonse, mitengo iziyenderedwa pambuyo pa mphepo iliyonse yamphamvu ana asanalowe. Tsiku la mphepo yotero sukulu izikhala kunja kwa nkhalango, musadzadabwe tikakuimbirani m'mamawa. Chatsala ndi kashedi kosungira zida ndi mashelefu oumitsira nsapato, amene ali ndi Loweruka lopuma atiuze. Wilibala yofiira ndi mapiki awiri zikusowa eni ake, bwerani mudzatenge.