Ulendo wathu wa ku Kerala, komwe manyuzi analimbana ndi atsamunda

Anzanga omwe munatsala, nayi nkhani ya ulendo uja mwakhala mukufunsa. Ife ophunzira utolankhani ochokera ku Malawi tinapita ku Kerala, dera la kumwera kwa India, anzathu akumeneko ndi omwe anatilandira nkumatiyendetsa, cholinga kukamva momwe manyuzipepala a chilankhulo cha Malayalam anathandizira kumenyera ufulu wa India.

Tinayambira ku Thiruvananthapuram ndipo kunena zoona nkhani ya kumeneko ndi yomwe sikundichoka mumtima. Anatifotokozera za Swadeshabhimani, nyuzi yomwe a Vakkom Abdul Khader Moulavi anayambitsa mu 1905, makina osindikizira anachita kuitanitsa ku England. Mu 1906 anatenga a Ramakrishna Pillai kukhala mkonzi ndiye bambowa ankalemba mosaopa za katangale wa nduna yaikulu ya mfumu ya Travancore (ufumu womwe unali kumwera kwa Kerala), a P. Rajagopalachari, nthawi imeneyo mfumuyo inali m'manja mwa Angelezi. Pa 26 Seputembala 1910 boma linatseka nyuzi, kulanda makina, mkonzi nkumupitikitsa m'dzikomo, anakamwalirira ku Kannur mu 1916. Koma abale taganizani za mwini nyuzi uja, iye Msilamu mkonzi wake Mhindu, ndalama zakezake zili pa makinawo, akuona kuti boma lakwiya koma anamusiya mkonzi kuti alembe zomwe akuona mpaka zonse kulandidwa. Ndi angati lero angapirire choncho?

Ku Kottayam tinangodutsa mwachangu, kumeneko ndi kwawo kwa nyuzi ya Malayala Manorama yomwe boma la Travancore linatseka mu 1938 nkudzayambanso kutuluka mu 1947.

Ku Kozhikode nkhani ndi ina chifukwa dera la Malabar, komwe kuli mzindawu, ankalilamulira Angelezi eni ake. Nyuzi ya Mathrubhumi inayamba kumeneko mu 1923, mkonzi woyamba a K. P. Kesava Menon, ndalama anachita kusonkha pogulitsa masheya kwa anthu omwe ankatsatira chipani cha Congress, chomwe chinkamenyera ufulu wa India. Mu 1930 nthawi yokana msonkho wa mchere nyuziyi inayamba kutuluka tsiku ndi tsiku, chaka chomwecho a K. Kelappan, mmodzi mwa atsogoleri a Congress, anatsogolera anthu pa ulendo wapansi kuchoka ku Kozhikode mpaka ku Payyannur kukaphika mchere, ndipo mu 1934 a Gandhi anafika okha pa ofesi ya nyuziyi. Mumzinda womwewu munalinso Al-Ameen ya a Muhammad Abdur Rahiman, inayamba mu 1924, Angelezi anaitseka mu 1939.

Madzulo anzathu anatitengera pa kasitolo ka tiyi, akuti kale m'malo ngati amenewa munthu mmodzi ankawerenga nyuzi mokweza ena onse tcheru, ngakhale osadziwa kuwerenga ankapita kwawo atamva zomwe zalembedwa m'chilankhulo chawo.